Kuyankha mphwanga za mafunde a ku Maldives

Halo... eya, yayamba kujambula. Mwaswera bwanji nonse pagulupa? Agogo, ndamva kuti mwendo uja wayamba kupepuka, tithokoze Mulungu. Mphwanga, uthenga wako ndinauona m'mawa, koma ndinali m'khitchini manja ali mbuu ndi fulawa, ndiye ndati ndingoyankha pakamwa, zolembalembazi ndingachedwe nazo. Wafunsa kuti ukufuna kubwera kuno ku Maldives pa holide yako ndi thabwa lako lokwerera mafunde lija, malo abwino ndi ati, nanga kuchoka chilumba ichi kupita icho anthu amayenda bwanji. Amayi ako nawo ayankha pansi pake kuti mwana ameneyu andipha ndi BP. Achemwali, tadekhani, mumve kaye.

Choyamba, mphwanga, chotsa m'mutu zoti Maldives ndi malo amodzi oti ungofika n'kumazungulira. Ayi. Ndi tizilumba pafupifupi 1,200, tomwazikana m'magulu 26, ndipo tokhala anthu sitikwana n'komwe 200. Kuchokera kumpoto mpaka kummwera ndi makilomita opitirira 800, ngati uchoke ku Chitipa ukafike ku Nsanje, koma pakati ponsepo ndi madzi okhaokha. Phiri kulibe, ngakhale chulu. Chilumba chimene ndikugwirapo ntchito ine, ukayamba kuyenda m'mbali mwake ukumwa tiyi, umabwerera pomwe unayambira kapu isanazizire. Ndiye funso lako la mafunde ndi la mayendedwe ndi funso limodzi. Kumene wasankha kugona, ndi komweko wasankha mafunde ako.

Ndiyambe ndi nyengo. Kuno nyengo ndi ziwiri, iwo amati Iruvai ndi Hulhangu, ya mvula ndi mphepo. Iruvai ndi ya dzuwa, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, nyanja ili zii, azungu a ukwati watsopano ndiye amadzaza nthawi imeneyo, mitengo nayo ili m'mwamba. Iwe nthawi imeneyo usabwere, ungadzangokhala pathabwa ngati bakha. Mafunde amayamba kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo mpaka Okutobala, ndipo aakulu zedi ndi a Juni, Julayi ndi Ogasiti. Ukudziwa kumene amachokera? Ndi mikuntho ya nthawi yozizira yomwe ija imadutsa kumunsi kwa Cape Town kwanuko, n'kupitirira kummwera kwa Indian Ocean. Madzi amayenda masiku angapo, pofika kuno afola bwinobwino pamzere ngati ana a sukulu pa asembule. Kwa iwe amene wangotha zaka ziwiri ukuphunzira, ine ndingati Epulo, Meyi kapena Seputembala. Juni ndi Julayi asiyire eni ake.

Tsopano mvetsera apa, chifukwa apa ndi pamene amayi ako akunena zoona. Iwe waphunzirira ku Muizenberg. Vidiyo ija unatumiza pa Khirisimasi ndinaionera katatu. Kumeneko pansi ndi mchenga, ukagwa umadzuka n'kusasa m'makutu basi. Kuno pansi ndi makorali, miyala yamoyo yakuthwa ngati chosendera kokonati, ndipo malo ena madzi akaphwera amangofika m'chiuno. Ine malume ako ndinayesapo kamodzi, chaka changa choyamba. Anyamata a m'khitchini anandinyengerera pa tsiku lopuma, ndinati ine wa ku Nkhata Bay, ndakulira m'madzi, mwera ndikuudziwa, nanga ichi n'chiyani. Aaa! Funde loyamba linandidutsa pansi. Lachiwiri linandinyamula n'kundipukutira pamiyala kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Nditatuluka, mnyamata wina anathamanga kukatenga ndimu, analidula pakati n'kuyamba kukhula pachilondapo, akuti tizidutswa ta korali tichoke. Ndinakuwa m'Chitonga, chilankhulo chimene ndinali nditaiwala. Kuchipatala anadzandiuza kuti ndimu ndi zongozunzana, chofunika ndi madzi oyera, sopo, kukhula bwino ndi mankhwala opha tizilombo, chifukwa zilonda za korali zimatukusira msanga kotentha kuno. Masabata awiri ndinkagona chammbali. Ndiye gula tinsapato ta labala tija ta m'madzi, ndi kamalaya koteteza dzuwa. Chisuti chakuda chozizirira chija usiye konko, kuno madzi ndi ofunda, amakhala cha pa madigiri 28, uphika nacho.

Malo ake tsopano. Ambiri odziwika ali ku North Malé Atoll, limodzi mwa magulu a tizilumba aja, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo ali pamzere umodzi kum'mawa kwake. Mayina ake ungaseke. Pali Cokes, pachilumba cha Thulusdhoo. Amati Cokes chifukwa pachilumbapo pali fakitale ya Coca-Cola, imene imapanga zakumwa ndi madzi a m'nyanja ochotsa mchere. Funde la Cokes limapita kumanja, limapindika ngati paipi, ndi lothamanga, pansi posaya. Kumeneko ukangoonera, utenge zithunzi, usalowe. Kutsidya kwa mpata womwewo kuli Chickens, poti kale panali khola la nkhuku pachilumba chimenecho. Limenelo limapita kumanzere, ndi lalitali, tsiku labwino munthu amakwera mpaka miyendo kunjenjemera.

Ukatsikira kummwera pang'ono pali chilumba cha Himmafushi, funde lake amati Jailbreaks chifukwa pamenepo pali ndende. Ndi la kumanja. Pafupi pomwepo pali kachilumba kopanda anthu, Thanburudhoo, kali ndi mafunde awiri mbali iyi ndi iyo, Sultans kumanja, Honky's kumanzere. Sultans ndiye amakonda anthu ambiri chifukwa poyambira pake ndi pofewa, limakupatsa mpata woimirira, koma likafika mkati limalusa. Vuto lake ndi anthu. Maboti akakumana atatu anayi, mumakhala ngati pa chigayo tsiku la Loweruka. Ndipo pali Ninjas, lofatsa kuposa onsewa. Muvidiyo muja ndinaona kuti umatsogoza mwendo wamanzere, ndiye kuti mafunde opita kumanja uziwayang'ana kumaso, sakhala kumsana kwako. Ine ndingati yambira pa Ninjas masiku awiri, kenako Jailbreaks kapena Sultans tsiku loti nyanja yafatsa. Ukafika m'madzi upereke moni kwa anyamata a pachilumbapo, udikire nthawi yako. Ndi anthu aulemu, koma pamafunde awo sakonda mlendo wolowerera pamzere.

Palinso awiri amene udzawaona pa intaneti n'kuyamba kudontha dovu, Pasta Point ndi Lohi's. Amenewo ali pa mahotela, amalola alendo awo okha, ndipo usiku umodzi ndi lendi yako ya ku Cape Town. Pasta Point ili ndi mbiri yake. Mu 1973 mnyamata wina wa ku Australia, Tony Hinde, boti lomwe anakwera linasweka pamiyala ya ku North Malé kuno. M'malo mobwerera kwawo, anaona mafundewa opanda munthu ndi mmodzi yemwe, anakhazikika, analowa Chisilamu, anakwatira konkuno, n'kusunga chinsinsi zaka zambirimbiri, akukwera yekha ndi anzake ochepa. Anamwalira mu 2008 ali m'madzi pa Pasta Point pomwepo. Achemwali, musayambe kulira, anali munthu wamkulu kale, si mwana ngati wanuyu.

Kummwera kwenikweni kulinso mafunde, ku Laamu kuli lina amati Yin Yang, ku Huvadhoo kuli Beacons ndi Tiger Stripes. Kumeneko ndi ndege yachiwiri kuchoka ku Malé, likulu la dzikoli, kapena kulipira boti logonamo sabata yonse. Si za ulendo woyamba, si za thumba lako. Tizisiye.

Za mayendedwe. Kuchoka ku Cape Town udutsira ku Dubai kapena ku Doha. Ufunse bwinobwino za thabwalo usanagule tikiti, chifukwa ndege zina zimaliwerengera m'katundu wako, zina zimalipiritsa padera. Viza amadinda pofika, ya masiku 30, yaulere, bola ukhale ndi tikiti yobwerera ndi umboni wa kumene ukagone. Pali fomu ya pa intaneti, amati IMUGA, udzaze usananyamuke. Bwalo la ndege ndi Velana, lili pachilumba chakechake, Hulhulé. Ukatuluka pakhomo, m'malo mwa depoti ya mabasi ukuona madzi ndi maboti. Kupita mumzinda wa Malé ndiye kophweka masiku ano, pali mlatho wa Sinamalé umene anamanga Matchaina, anautsegula mu 2018, umangokwera taxi kapena basi. Pafupi ndi mlathowo pali Raalhugandu, pomwe ana a mumzinda amakwerera mafunde akaweruka. Ukakhala ndi maola odikira, pita ukawaone, ungaphunzirepo kanthu.

Kuchoka apo, njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi boti la boma. Lotchipa kwambiri, kupita ku Thulusdhoo ndalama yake siyikwana n'komwe madola awiri, koma limayenda mwa ulesi, ola ndi theka kapena kuposa, likuima chilumba chilichonse kutsitsa matumba a mpunga, masilinda a gasi, nthawi zina njinga yamoto. Agogo, mukukumbukira Ilala popita ku Likoma? Mtima wake ndi womwewo, kungoti ili ndi laling'ono. Ine ndimalikonda, umacheza ndi anthu. Yachiwiri ndi spidiboti, mphindi 30 wafika, koma mtengo wake ndi kakhumi kapena kuposa, ndipo nyengo ya mafundeyi limadumpha moti usadye zambiri usanakwere. Uuze a kumene ukagone akusungiretu malo, uwauzenso kuti uli ndi thabwa. Yachitatu ndi ndege zotera pamadzi zija. N'zokongola, oyendetsa ake ena amakhala osavala nsapato, koma ndi za mahotela akutali, zimauluka masana okha, katundu amayeza mpaka kilo yomaliza. Iwe sizikukukhudza.

Ndiye pali Lachisanu. Lemba pena pake. Dziko lino ndi la Chisilamu lonse, mapeto a sabata ndi Lachisanu ndi Loweruka, ndipo Lachisanu boti la boma siliyenda. Ine ndinaphunzira ndi thukuta. Ndinapita ku Malé Lachinayi kukatumiza ndalama ya fetereza ija, ndinati ndigone, mawa ndibwerere. M'mawa ndafika padoko, phee, ndi amphaka okha. Masitolo nawo anatseka nthawi ya mapemphero. Ndinalipira spidiboti ndalama yoti ikanagula thumba lina la fetereza, kuti bwana asandidule tsiku. Ndiye usasungitse ndege yotera Lachisanu, ndiponso usiku wa tsiku lililonse usadalire kuti upeza boti. Pobwerera, ugone ku Hulhumalé usiku womaliza, ndi pafupi ndi bwalo, msewu ulipo. Nyanja ikalusa maboti amaimitsa, ndege siikudikira.

Langizo langa ndi ili: sankha chilumba chimodzi, Thulusdhoo kapena Himmafushi, ukhale pomwepo masiku ako onse. Kale alendo ankaloledwa m'mahotela okhaokha, koma cha m'ma 2009 boma linalola kuti anthu azitsegula nyumba zogona alendo m'zilumba zawo, ndiye tsopano anthu ngati ife tikhoza kukwanitsa. Pachilumbapo umayenda wapansi kapena panjinga. Kupita kumafunde ena, pali mabwato awo amati dhoni, mumasonkherana anthu angapo, amakutulani pambali pa funde, n'kumakudikirani. Usayese kupalasa wekha kuwoloka mpata wa pakati pa zilumba poti ukuoneka waufupi. Mipata imeneyo amati kandu, madzi akamalowa kapena kutuluka amathamanga ngati Shire nthawi ya dzinja, ndipo akamatuluka akupita nawe kunyanja yaikulu. Woyendetsa dhoni akati lero dikirani ola limodzi, dikira. Amayang'ana mwezi ndi madzi, amadziwa.

Khalidwe la pamudzi, mwachidule. Mowa kulibe pazilumba za anthu, umapezeka m'mahotela ndi m'maboti a alendo basi, ndipo usayerekeze kubwera nawo m'chikwama, amalanda pabwalo pomwepo. Nkhumba chimodzimodzi. Kafodya kako ka batire kaja nako analetsa kumapeto kwa 2024, usiye. Eya, ndikudziwa, achemwali, mumufunse yekha. M'mudzi uvale malaya, osayenda chifuwa pamtunda, mbali ya nyanja yovulira ilipo yakeyake. Ndalama yawo ndi rufiyaa, dola imodzi pa banki ndi 15.42, koma madola amalandira malo ambiri, bola akhale atsopano, osang'ambika. M'mawa udye mas huni, ndi nsomba ya tuna yosakaniza ndi kokonati, anyezi ndi tsabola, umadyera roshi, ili ngati chapati chopyapyala. Imagwira m'mimba mpaka masana. Ndipo ugule inshuwalansi imene yalemba poyera kuti ikuphatikiza kukwera mafunde, chifukwa pachilumba pali kachipatala kakang'ono, ukathyoka ndiye kuti spidiboti mpaka ku Malé. Achemwali, pamenepo ndiye mumuumirize, asakwere ndege musanaone pepalalo.

Ine ndipempha masiku awiri opuma, ndidzakupeza ku Thulusdhoo, ndidzakhala pamchenga ndi foni kujambulira agogo. M'madzi ayi. Unditumizire madeti ukangogula tikiti. Ndipo m'chikwama cha thabwacho muli malo, uikemo ufa makilo awiri, ukulunge bwino m'mapulasitiki, mpunga wanditopetsa. Eee, akundiitana, buledi wapsa mu uvuni. Tionana, mugone bwino nonse.