Pattern siyoyambira, yambani mwafunsa chimene chidzasinthe

Achimwene, ndaona funso lanu lija: pulogalamu yolipirira fizi munaimangira pa Airtel Money, tsopano asukulu akufunanso Mpamba, koma mukangokhudza malo amodzi, malisiti ndi ma SMS zonse zikusokonekera. Mukufunsa pattern, kapena kuti njira yodziwika kale yokonzera code, yoti mugwiritse ntchito.

Dikirani kaye. David Parnas, katswiri wa mapulogalamu, ananena kale mu 1972 kuti gawo lililonse la pulogalamu lizibisa chinthu chimodzi chimene chingadzasinthe. Kwa inu chinthucho ndi njira yolipirira. Ndiye pangani interface imodzi (mndandanda wa ntchito zimene zigawo zina zingaitane), muitche Malipiro, ikhale ndi ntchito ziwiri basi: kupempha ndalama, ndi kufunsa ngati zalowa. Airtel ikhale ndi adapter yake, kutanthauza code yoilumikiza ku interface ija, Mpamba nayonso yake. Code yolemba malisiti isadziwe n'komwe kumene ndalama zadzera, adapter muziipatsira kuchokera kunja. Zimenezi ndi zija katswiri wina, Martin Fowler, anazifotokoza mu 2004 kuti dependency injection. Ubwino wina ngwakuti poyesa mumangoika adapter yabodza, ndalama zanu osakhudzidwa.

SMS ija itulutseni m'gawo la malipiro. Ndalama zikalowa, pulogalamu izingolengeza kuti zalowa, gawo lofuna kumva limve lokha. Ndiyo pattern ya Observer imeneyo, ndipo zinthu zikakula mudzaikapo queue, mzere wodikirirapo mauthenga, ngati RabbitMQ.

Koma nkhani yagona apa. Mukalekanitsa zigawo, vuto silitha, limangosamukira pakati pake. Uthenga utha kufika kawiri, utha kuchedwa, wachiwiri utha kupitirira woyamba. Ine zinandionekera. Netiweki inachita ulesi, callback, uthenga wotsimikiza kuti ndalama zalowa, inabwera kawiri, mwana mmodzi n'kulembedwa kuti walipira materemu awiri. Akaundula a zachuma anandiimbira Loweruka ndili pa chinkhoswe, ndinasiya mbale ya mpunga pampando n'kukatsegula laputopu m'galimoto ya eni ake. Kulakwa kunali kwanga, ndipo matesti onse ankadutsa bwinobwino, poti ndinkayesa zokhazo zimene mutu wanga unaganiza.

Apa ndi pamene zida ngati TLA+, chinenero cholongosolera mapulogalamu cha katswiri Leslie Lamport, zimathandiza. Simulemba code, mumalemba mmene zigawo zimalankhulirana, kenako lamulo loti lisaswedwe, monga lakuti nambala imodzi ya malipiro isalembedwe kawiri. Chida chake chotchedwa TLC chimayenda m'njira zonse zimene mauthenga angatsatane, n'kukuonetsani ndendende pamene lamulo lasweka. Akatswiri a Amazon Web Services anayamba kuigwiritsa ntchito mu 2011, ndipo pa database yawo ya DynamoDB inawapezera bug, kapena kuti cholakwika, yoonekera pokhapokha patachitika masitepe 35 motsatana. Munthu sangaipeze ndi maso imeneyo.

Pa pulogalamu ya sukulu imodzi sindingakukakamizeni kuphunzira TLA+ sabata ino. Tengani pepala, mujambule mabokosi anayi: zapemphedwa, zikudikira, zalowa, zakanika. Pa muvi uliwonse dzifunseni chimene chichitike uthenga ukabwera kawiri. Kenako ikani unique constraint, lamulo loletsa kubwereza nambala, pa nambala ya transaction mu database musanakhudze Mpamba. Mukajambula tumizani chithunzi muno tione limodzi.