Impact factor payokha siyikwanira

Achemwali, mwafunsa ngati impact factor, nambala yosonyeza kangati nkhani za m'magazini zimatchulidwa m'nkhani zina za kafukufuku, ingakuuzeni kufunika kwa magazini ya sayansi ya chakudya musanatumizeko kafukufuku wanu wa chuku cha mtedza. Yankho langa ndi lakuti payokha siyikwanira.

Nambala imeneyi anaiyambitsa ndi Eugene Garfield, ndipo lero amaitulutsa ndi a kampani ya Clarivate. Ya 2023 imapezeka powerenga kangati nkhani za 2021 ndi 2022 zinatchulidwa m'chaka cha 2023, n'kugawa ndi chiwerengero cha nkhanizo. Zaka ziwiri zokha! CiteScore, nambala ina yofanana nayo yochokera ku Scopus (nkhokwe ya nkhani za kafukufuku), imatenga zaka 4.

Chimene chimandipweteka n'chakuti magazini ongosonkhanitsa zimene ena anapeza kale amakwera msanga, chifukwa aliyense amawatchula m'mawu oyamba. Comprehensive Reviews in Food Science and Food Safety, magazini ya mtundu umenewu, imaposa kutali Journal of Food Science pa nambala, chonsecho onsewa ndi a bungwe limodzi la akatswiri a sayansi ya chakudya la IFT. Komanso nkhani zochepa zotchuka zimatha kukweza nambala ya magazini yonse.

Tsegulani mndandanda wa nkhani zimene mwatchula kumapeto kwa pepala lanu, muwerenge magazini amene akubwerezabwereza. Kumeneko ndiko akatswiri a aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, akuwerenga.