Kodi jakisoni wotsitsa BP m'chipatala ndi wofunika nthawi zonse?

Funso: Amayi anga anagonekedwa m'chipatala cholipira chifukwa cha chibayo, ndipo BP yawo ikakwera ankawabaya jakisoni woitsitsa, mwakuti bilu inakula kwambiri. Kodi jakisoniyo anali wofunikadi? Wowerenga, Lilongwe.

Yankho: Pepani ndi matendawa. Madokotala ena amalemberatu mankhwala monga hydralazine kapena labetalol kuti namwino apereke BP ikadutsa mlingo winawake. Komabe BP ya munthu wogonekedwa imakwera kawirikawiri chifukwa cha ululu, nkhawa, kusowa tulo kapena kudumphitsa mankhwala akunyumba, ndipo izi n'zimene zimafunika kuthana nazo choyamba.

Kafukufuku wa m'zipatala za ku America anapeza kuti odwala opanda zizindikiro zoopsa amene anapatsidwa mankhwala otere ankavulala impso kawirikawiri komanso ankakhalitsa m'chipatala. Apa m'pamene ndalama zambiri zingathere: masiku owonjezera pabedi ndi kuyezetsa magazi mobwerezabwereza, osati jakisoni yekhayo. Mu 2024 bungwe la ku America loona za matenda a mtima, la American Heart Association, linalangiza madokotala kupewa chizolowezi chobaya jakisoniyu odwala opanda zizindikiro zoopsa.

Jakisoniyu amapulumutsa moyo ngati BP yokwera ikuwononga ubongo, mtima kapena impso, komanso kwa amayi oyembekezera amene BP yawo yakwera kwambiri. Pemphani bilu yofotokoza chilichonse pachokha, ndipo funsani dokotala zizindikiro zimene anaona mwa amayi anu.