Koilo ya wailesi yanga ndakulunga ndekha, koma siteshoni sizikugwira

FUNSO: Akulu, kakoilo ka mbali ya FM mu wailesi yanga kanaduka ndiye ndatenga waya wa mu thiransifoma yakale nkukulunga pa msomali ka 20 poganiza kuti waya akachuluka igwira patali. Pano ikungoti shiiii basi. Nditani? Wowerenga wa ku Mchinji.

YANKHO: Achimwene, koilo imeneyo ntchito yake sikukoka siteshoni ayi, zimenezo nza eriyo. Koiloyo imagwira limodzi ndi kapasita (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono) kusankha fulikwense, ndiye mukachulutsa waya fulikwense imatsika, inu mwayitsitsa mpaka yatuluka mu FM yomwe imayambira cha ma 88 kukathera pa 108 MHz.

Ndipo mukachulutsa waya, mphamvu ya koilo sikwera pang'onopang'ono ayi. Mphamvu ya koilo, imene amayeza mu ma henry potengera dzina la Joseph Henry wa ku America, imakwera kanayi mukazunguliza kawiri kuposa poyamba, utali wa koilo ukakhala womwewo. Ndiye tangoganizani ka 20 pomwe pamafunika ka 4 kapena ka 5!

Msomaliwo chotsanitu. Chitsulo wamba pa fulikwense ya FM chimangodya siginolo, mkati mwa koilo ya FM nthawi zambiri mumangokhala mpweya basi. Kandodo kakuda ka ferrite kokulungidwa waya wambiri kaja munakaona ndi ka AM, musatengere kumeneko.

Pangani chonchi, kulungani wayayo ka 5 pa kachitsulo koboolera ka dirilo ka 6 mm, mukasolole kachitsuloko, kenako tambasulani koilo italike pafupifupi 8 mm. Pamenepo mwapeza cha ma 0.1 microhenry (kagawo kakang'ono kwambiri ka henry), yomwe ikakumana ndi kapasita ya 25 pF (pF ndi muyeso wa kapasita) imagwera pa 100 MHz. Wailesi zimasiyana, ngati zidutswa za koilo yakale zilipo werengani mmene anazungulizira mutengere pomwepo, nkwabwino kuposa masamu angawa.

Pomwe ambiri amapunthwa mpa vanishi. Waya wa thiransifoma amaoneka ngati kopa wa mbee koma ndi wopakidwa, palani nsonga zonse ziwiri ndi leza mpaka ziwale musanawotcherere, apo ayi muziti koilo njolakwika pomwe magetsi sakudutsa nkomwe.

Mukayatsa, siteshoni zikamagwira pamalo olakwika musamasulenso. Kupanikiza koilo kumatsitsa fulikwense, kuitambasula kumakweza, koma muzikankha ndi kamtengo ka machesi osati sikuludiraiva kapena chala chifukwa zimenezo zimasokoneza. Zikakhala bwino dontheretsani kandulo pang'ono kuti isamagwedere.