Voisi yoyankha achemwali: za America ndi Canada

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, netiweki kuno ku Chitakale ikungodukaduka, kulinso chiperoni chiyambire m'mawa, phiri silikuoneka n'komwe. Voisi yanu ndaimvera kawiri. Mukuti mwamva pa wailesi kuti America ikufuna kulanda Canada, ndiye mukufunsa ngati kuyambike nkhondo, komanso ngati mphwanga uja ali ku Toronto timuuze abwereko. Ayi achemwali, mtima m'malo. Sikukulira mfuti kumeneko. Mkangano wokha ulipodi, waukulu ndithu, koma ndi wa malonda ndi kunyozana.

Zinayamba Donald Trump atapambananso chisankho kumapeto kwa 2024. Anayamba kumanena kuti Canada ingokhala chigawo cha nambala 51 cha America, ndipo nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, Justin Trudeau, ankangoitchula kuti gavanala, ngati wantchito wake. Anthu ankayesa nthabwala. Pofika Malichi 2025 anaika msonkho wa 25 peresenti pa katundu wambiri wochokera ku Canada, ati chifukwa pamalire pakudutsa mankhwala ozunguza bongo otchedwa fentanyl, chonsecho ogwidwa mbali imeneyo ndi ochepa zedi poyerekeza ndi a kumalire a Mexico. Mu Juni msonkho wa zitsulo ndi aluminiyamu unafika 50 peresenti.

Kuti mumvetse chimene zikuwawira, kumbukirani kamunda ka tiyi ka malemu bambo. Tinkathyola masamba m'mawa, mame ali thoo, kukafika nawo pasikelo dzuwa lisanakwere. Wogula anali mmodzi yekha, fakitale imodzi ija. Kalaliki akangoti masamba awa ndi okhwima, kapena thirakitala ikapanda kubwera, basi, masamba ankapsa m'dengu momwemo, chifukwa tiyi wamuwisi sungagone naye n'kumati ndikagulitsa kwina mawa. Bambo ankangovula chipewa n'kumapepesa, kutukwana ankatukwanira kunyumba. Ndiye Canada ili choncho. Mukagawa panayi katundu amene imagulitsa kunja, magawo atatu amapita ku America. Malire awo ndi a makilomita pafupifupi 8,900, palibenso maiko ena awiri ogawana malire aatali chotero. Mafakitale a magalimoto a ku Windsor, ku Canada, ndi a ku Detroit, ku America, angolekanitsidwa ndi mtsinje, chitsulo chimodzi chimaoloka kangapo galimoto isanathe kupangidwa. Mukaika msonkho pamenepo mwapweteka mbali zonse.

Koma fakitale nayo popanda masamba imaima. Mafuta osayenga amene America imagula kunja, oposa theka amachokera ku Canada. Potashi wa mu feteleza wa alimi awo, wambiri ndi wa ku Saskatchewan, chigawo cha Canada. N'chifukwa chake mafuta anangowaikira 10 peresenti, anachita kuwanyengerera. Ine pamenepo ndinaseka ndekha.

Chimene chawapweteka kwambiri anthu a ku Canada, mmene ndikuonera ine, si ndalama ayi, koma kuiwalidwa. Pa 11 Seputembala 2001, America itatseka mlengalenga mwake chifukwa choukiridwa ndi zigawenga, ndege 38 zinatera m'katauni kakang'ono ka Gander ku Canada zitanyamula anthu oposa 6,000, eni mudzi n'kuwagoneka m'masukulu ndi m'matchalitchi, kuwaphikira masiku angapo. Paja amati mnzako akapsa ndevu mzimire. Ku Afghanistan asilikali a Canada 158 anafera nkhondo imene inayamba chifukwa cha America. Ndiyeno pangano la malonda la maiko atatu, America, Canada ndi Mexico, analisainira ndi Trump yemweyo mu 2018. Lero munthu yemweyo azikuuzani kuti dziko lanu silingaime palokha? Inunso mukanakwiya.

Anakwiyadi. Ku Ontario, komwe kuli mphwangako, anachotsa mowa wa ku America m'mashelefu. Kumasewero a hoke anthu ankakuwiza nyimbo ya fuko la America, chinthu chachilendo kwa anthu odziwika ndi ulemu ngati amenewo. Ambiri anasiya kupita kutchuthi kutsidyako. Chipani cha Trudeau chinkaoneka kuti chagwa kale, koma Mark Carney, amene anayendetsapo banki yaikulu ya Canada ndi ya England, atalowa m'malo mwake, anapambana chisankho cha pa 28 Epulo 2025. Mu Meyi anapita ku White House n'kumuuza Trump pamaso kuti Canada si yogulitsa. Anagwirana chanza, anajambulitsa, koma msonkho sunachoke tsiku limenelo.

Ifetu zoyambana ndi bwenzi lamphamvu tinazilawapo. Mu Epulo 2011 malemu Bingu, wa ku Thyolo, anathamangitsa kazembe wa Britain chifukwa cha kalata yachinsinsi yowadzudzula imene inatulukira poyera. Britain nayo inabweza wathu, kenako inaimitsa thandizo la bajeti. Fodyanso sanayende bwino chaka chimenecho, ndiye ndalama zakunja zinasowa, mafuta n'kusowa. Mukukumbukira alamu anagona m'galimoto pamzere ku Limbe, inu n'kuwapititsira nsima m'kontena? Nkhondo kunalibe, koma tinaimva m'thumba. Kungoti Canada si Malawi, ndi dziko lolemera, la anthu pafupifupi 40 miliyoni, silidikira thandizo la wina kuti lilipire aphunzitsi.

Ndiye mwanayo musamuopseze ndi mafoni a usiku. Mungomufunsa bwinobwino kuti ntchito akugwira kuti masiku ano. Ngati ndi kosamalira okalamba kuja ankanenaku, palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Koma ngati analowa kufakitale ya zitsulo kapena ya zipangizo za magalimoto, kumeneko ndiye kumayambira kuchepetsa maola ndi kuchotsa anthu, ndipo mlendo ndi amene amayamba kuona chitseko. Azisungako kangachepe. Nkhani ya malata a khitchini ija muyambe mwaisiya kaye, tidzaona tikakolola nandolo, ine ndiyankhula naye ndekha Lamlungu.

Batire yatsala pang'ono. Nanazi zija ndikupatsirani Loweruka pa minibasi, mukhale pafupi ndi foni kondakitala akamaimba. Alamu muwapatse moni.