Thanki yanga yasuluka, kodi ndipake Cobra?

Achimwene ena a ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, anditumizira imelo. Ali ndi njinga yamoto yofiira yomwe amaperekera katundu m'tauni, ndipo akudandaula kuti thanki yasuluka pamwamba, m'mbali mwa chivindikiro mwatsika timizere totuwa, komanso pomwe pamakhudza mimba pakalikakalika. Mnzawo wina wawauza kuti apake Cobra, polishi wa pansi m'nyumba, wina akuti akagule rubbing compound, mankhwala okwechera penti, ku msika wa Siyaso azikwecha Loweruka lililonse. Akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, onse awiriwo akukufunirani zabwino, koma musamvere aliyense wa iwo. Wa compound uja ndiye angakuwonongereni thanki msanga.

Penti ya pa thanki imakhala yosanjikiza. Pansi pali primer yogwira chitsulo, pakati pali mtundu, ndipo pa njinga zambiri pamwamba pamakhala clear coat, penti yoonekera mkati yomwe imanyezimira ndi kutchinga dzuwa. Clear coat imeneyi nthawi zambiri ndi yopyapyala kuposa tsitsi limodzi la m'mutu. Polishi ndi compound zonse zili ndi timchenga tosaoneka ndi maso. Zimawalitsa pochotsa kapamwamba kokalika kaja kuti pasalale, ndipo chachoka chachoka, sichibwereranso. Compound ndi yaukali kuposa polishi. Mukamakwecha nayo sabata ndi sabata, tsiku lina mudzaona m'mphepete mwa thanki mwayera, ndiye kuti mwaboola clear coat, ndipo mankhwala ake ndi kupentanso basi. Wax ndi chinthu china. Iyo sichotsa kanthu, imangoyala kachikopa pamwamba kuti dzuwa, madzi ndi zitosi za mbalame zizilimbana ndi iyoyo m'malo mwa penti. Choncho polishi ndi wa kamodzi kapena kawiri pachaka, pamene wax ndi ya pafupipafupi.

Musanagule chilichonse, yesani kaye. Tengani kansalu koyera, donthezani polishi pang'ono, pakani pamalo obisika monga kunsi kwa thanki. Nsalu ikafiira, ndiye kuti njinga yanu ilibe clear coat, mukukhudza mtundu weniweniwo, ndipo dzanja liyenera kupepuka kwambiri. Yang'ananinso masitika. Ngati chikhadabo chikugwira m'mphepete mwake, ali pamwamba pa penti, polishi asawadutse.

Za kusulukako, wolakwa wamkulu ndi dzuwa la kuno. Harare ali pamtunda pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi cheza cha dzuwa chimaluma kwambiri ngakhale mu June pamene tikunjenjemera ndi chisanu. Mtundu wofiira ndi umodzi mwa mitundu yosachedwa kusuluka. Mthunzi ndi waulere, koma sankhani wake. Mu September ndi October, mitengo ya jacaranda ikachita maluwa, musaimike njinga pansi pake ngakhale pakongole bwanji. Maluwa onyowa aja, timadzi tomata todontha m'mitengo ndi zitosi zikaphikika ndi dzuwa pa thanki zimasiya zipsera zomwe wax sangabise. Zitosi muzichotse tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa, muyale kaye nsaluyo pamwamba pake zifewe, osakwecha zouma.

Timizere ta m'mbali mwa chivindikiro ndi petulo. Kuyambira 2013 petulo wa muno mu Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol, wambiri wake wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje, ndipo mulingo wake umasinthasintha mpaka kufika 20 peresenti. Petulo yekha amasungunula wax nthawi yomweyo, ndipo akakhalitsa pa penti yotentha amaifewetsa n'kusiya mzere. Ndiye pomwetsa mafuta musamachite manyazi kuuza wothira kuti adikire mpope usiye kudontha asanautulutse. Muzikhala ndi kansalu pansi pa chishalo. Akadontha, thirani madzi pang'ono, mugunditse nsalu pamwamba kuti imwe, osapukuta mokoka.

Tsopano katsukidwe, chifukwa zokalika zambiri timazipanga tokha. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa mu November, anthu ambiri m'mawa amangotenga nsanza youma n'kupukuta thanki. Kumeneko n'kukwecha penti ndi mchenga. Yambani ndi kuthira madzi kuti fumbi litsike lokha. Mukhale ndi zidebe ziwiri, china cha sopo, china chotsukuluzira nsalu musanaibwezere m'sopo. Yambani ndi thanki, matayala ndi tcheni pomaliza, ndipo nsalu ya tcheni isadzafike pa penti mpaka kalekale. Mutton cloth timaikonda, koma nsalu ya microfibre ndi yofewa kwambiri ndipo imabisa mchenga mkati mwake. Sopo wotsukira mbale amachotsa mafuta, ndiye amachotsanso wax. Mugwiritseni ntchito tsiku lokhalo limene mukufuna kuchotsa wax yakale, masiku ena onse shampu ya galimoto. Ndipo poti ambirife timadalira madzi a pamjigo, musalole kuti aumire pa thanki. Madzi ena a pansi ali ndi mchere wosiya timadontho toyera tovuta kuchoka. Tsukirani pamthunzi, injini itazizira, mupukute nthawi yomweyo.

Thanki ikauma, pakani polishi wofewa kwambiri yemwe mungapeze m'masitolo a zida za galimoto mu Kaguvi Street. Kadontho kochepa, pamalo aang'ono, mupukute, muone padzuwa. Ngati kwawala, lekani pomwepo. Pokalika pomwe chikhadabo chikukodwa polishi sangathetse, musalimbane napo. Ngati pakuoneka chitsulo, donthezani penti yofanana ndi kaburashi kakang'ono mvula isanayambe, apo ayi dzimbiri liyamba kuyenda kunsi kwa penti.

Kenako wax. Ya carnauba, yochokera ku masamba a mtengo wina wa mgwalangwa wa ku Brazil, imawala mokoma kwambiri pa mtundu wofiira, koma pa njinga yokhala padzuwa tsiku lonse sikhalitsa, mwezi umodzi kapena iwiri yatha. Sealant, yomwe ndi yopangidwa ndi mankhwala, imatha miyezi ingapo. Kwa inu a delivery ine ndingasankhe sealant, poti nthawi yokhala mukusisita thanki mulibe. Pakani mopyapyala kwambiri, dikirani ichite mbuu, mupukute ndi nsalu yoyera. Kuchulutsa sikuwonjezera chitetezo, kumangovutitsa popukuta. Mudzadziwa kuti yatha madzi akasiya kupanga timibulu n'kuyamba kuyala pa thanki.

Cobra yo musiyireni khonde. Anapangira simenti ya pansi, wofiirayo ali ndi utoto umene ungadetse masitika ndi mapulasitiki, ndipo padzuwa amafewa n'kumagwira fumbi. N'chimodzimodzi mafuta ophikira ndi dizilo amene anyamata ena amapaka kuti njinga ing'anime akamagulitsa. Brake fluid, mafuta a mabuleki, ndiye mdani weniweni, amasenda penti, choncho powonjezera phimbani thanki ndi nsalu. Wax isafike pa chishalo, pa zogwirira, pa matayala kapena pa ma disc a mabuleki, mungadzagwe nazo pa roundabout. Ndipo kwa owerenga omwe njinga zawo ndi za penti yosawala, ya matte, polishi ndi wax wamba si zanu, zimasiya zigamba zonyezimira zosachoka.

Pomwe pamakhudza mimba, akukukandirani ndi zipi ya jekete ndi chitsulo cha lamba. Gulani tank pad, chomata chotchinga thanki pamalopo, mumate mutatsuka bwino koma musanapake wax, chifukwa pa wax guluu sagwira. Makiyi a kunyumba achoke pa kiyi wa njinga, chifukwa nawonso amakanda penti.

Simunafunse za mkati mwa thanki, koma kasuzumireni ndi tochi. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo thanki yachitsulo yokhala theka nthawi ya mvula imachita thukuta mkati, madziwo n'kukhazikika pansi. Dzimbiri la mkati limatseka kabuleta, ndipo likakula limaboola thanki kuchokera kunsi. Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi n'kusiya njinga masabata angapo, muisiye thanki itadzaza, ndipo muonenso ngati labala wa pa chivindikiro sanang'aluke.