Mwana waloweza ecology yonse koma akulephera kulumikiza, titani?

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wa Fomu 3 analoweza matanthauzo onse, producer, consumer, decomposer, habitat, population, koma akangofunsidwa kuti zimenezi zikugwirizana bwanji amangoti kakasi. Ndiye akufunsa ngati agule buku lina.

Mayi, bukulo musagule kaye. Pezani pepala lalikulu, olo kuseri kwa kalendala yakale, mukhale naye pansi, pakati penipeni alembe kuti Chivero, dzina la nyanja ya kufupi ndi Harare. Malo amodzi basi, oti amawadziwa, madzi ake ndi omwewo amadutsa ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray kubwera m'mipopi yathuyi.

Pamwamba ajambule dzuwa, muvi utsike kupita pa ndere ndi namasupuni, amenewo ndiye ma producer poti chakudya amadzipangira okha. Kuchoka pa ndere muvi upite pa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, kenako nsomba, kenako nkhwazi ndi ife odya nsombafe. Apa muonetsetse, mutu wa muvi uloze kwa wodyayo osati wodyedwa, chifukwa muviwo ukusonyeza komwe mphamvu ikulowera, ana ambiri amautembenuza n'kutaya malikisi aulere. Ndipo pa muvi uliwonse alembepo zomwe zikuchitika, "amadya", "amawoletsa", "amalimbirana kuwala". Muvi wopanda mawu ine sindiuwerengera, mwana akhoza kujambula mizere yambirimbiri osadziwa kuti akunena chani.

Pa sitepe iliyonse mphamvu yopita kutsogolo imakhala cha m'ma 10 peresenti, inayo nyama imagwiritsa ntchito poyenda ndi popuma n'kutayika ngati kutentha. Mumufunse yekha kuti nanga bwanji nkhwazi n'zochepa chonchi pomwe ndere zadzadza nyanja, yankho lili pomwepo.

Kenako atenge bolopeni ya mtundu wina, iyi ndi ya mabakiteriya. Chilichonse chikafa, nsomba, tsamba, nkhwazi yomwe, muvi wake upite kwa ma decomposer, owoletsa zakufa ngati mabakiteriyawo, ndipo kuchoka apo nitrogen ndi phosphorus zibwerere ku ndere. Mitundu iwiriyo ikumuwonetsa chinthu chomwe ineyo ndimati ndi mtima wa phunziro lonseli, kuti mphamvu imangodutsa ulendo umodzi siyibwerera kudzuwa, koma michere imazungulira.

Za population ndi zinzake n'zosavuta. Azungulize nsomba za mtundu umodzi, population imeneyo. Azungulize zamoyo zonse, community. Aonjezere madzi, matope, okosijeni ndi kutentha, yakwana ecosystem.

Tsopano poyesera ngati wamvadi, sokonezani chinthu chimodzi muone ngati atsatire. Muuzeni kuti suweji ya m'tauni muno ikulowa m'nyanjamo kudzera m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, zomwe zikuchitikadi. Ayende ndi chala pa mivi yake, michere yachuluka, ndere zaswana mopyola, zikafa mabakiteriya akuziwoletsa n'kumaliza okosijeni, nsomba zikubanika n'kuyandama. Sizongopeka izi, mu Disembala 2024 zipembere 4 zinafa ku paki ya Chivero zitamwa madzi okhala ndi cyanobacteria, mabakiteriya ooneka ngati ndere omwe amatha kutulutsa poizoni, mpaka kusodza kunayamba kwaletsedwa. Zimandiwawa kwambiri kuti ana athu akuloweza liwu loti eutrophication, dzina la kuchuluka kwa michere m'madzi komweku, ngati za kutali pomwe zili pakhomo pompano. Pa mapu omwewo aikepo madambo ngati Monavale, omwe analowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2013, dambo limasefa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndiye aganize kuti tikamangapo nyumba mivi yake isintha pati.

Chonde musamujambulire inuyo, olo zituluke zokhotakhota afufute yekha. Sabata yamawa mubise pepalalo, ajambule lina la dimba la kuseri kwa nyumba, rape, nsabwe za masamba, mbalame, manyowa, kenako akufotokozereni muvi uliwonse pakamwa. Pomwe akakamire ndi pomwe mukatsegule buku lomwe ali nalo kalelo.